Kodi Google Ikadamuphunzitsa William?

Masiku ano nkhani ya makompyuta m'sukulu ikangobuka, kaya ndi pawailesi, pamsonkhano wa akuluakulu a zamaphunziro kapena pamacheza a m'minibasi, dzina la William Kamkwamba silichedwa kutuluka. Olitchulawo amati: taonani mwana wa ku Kasungu uja, adapanga magetsi ndi zitsulo zotola kudzala, nanga akadakhala ndi kompyuta ndi intaneti si bwenzi atapanga ndege? Mawu otere amakoma m'khutu ndipo ambirife timangovomera ndi mutu. Koma ine ndikuti anthu olankhula chonchiwa buku la Kamkwamba sadaliwerenge, ndipo ngati adaliwerenga ndiye kuti adaliwerenga ndi diso limodzi. Bukulo likunena zina. Sabata ino ndati tilitsegulenso, pamodzi ndi filimu yomwe idachokera m'bukumo, tione chomwe ziwirizi zikutiuza pa za ubale wa makina amakonowa ndi maphunziro a ana athu. Nkhaniyi si yongocheza ayi, pakuti boma ndi mabungwe akuthira ndalama zankhaninkhani pogulira ana a pulaimale matabuleti, ndipo ndalama ikapita uku ndiye kuti kwina siifika.

Kwa inu amene simudalipezepo, bukuli dzina lake ndi The Boy Who Harnessed the Wind, kunena kuti mnyamata yemwe adaweta mphepo. Lidatuluka m'chaka cha 2009 ku America, ndipo Kamkwamba adalilemba mothandizana ndi Bryan Mealer, mtolankhani wa komweko yemwe adagwirapo ntchito ku Congo. William adabadwa mu 1987 ndipo adakulira m'mudzi mwa Masitala, kufupi ndi Wimbe, m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 mpaka 2002 itasesa nkhokwe ya bambo ake, a Trywell, fizi ya ku sekondale ya Kachokolo, yomwe inkakwana ngati madola 80 a ku America pachaka, idasowa, mwana n'kuthamangitsidwa. Poopa kusanduka mbuli yongokhala pabawo, adayamba kupita ku kalaibulale ka pa pulaimale ya Wimbe, komwe adapeza buku lotchedwa Using Energy, pachikuto pake pali makina ozungulira ndi mphepo. Adatola fani ya thirakitala, mapaipi a pulasitiki, felemu ya njinga yakufa ya bambo ake ndi dayinamo, n'kuzikweza pansanja ya mitengo ya bulugama. Mphepo itaomba babu lidayaka, ndipo anthu omwe ankamuti wapenga adaomba m'manja.

Ukaliwerenga modekha, bukuli lili ndi magawo atatu osafanana mphamvu. Gawo loyamba ndi la ubwana ndi njala, lachiwiri ndi la laibulale ndi dzala la zitsulo, lachitatu ndi la kutchuka, pomwe ndege, intaneti ndi azungu opereka thandizo akulowa m'nkhani. Gawo la njala ndilo lidalembedwa ndi magazi. Mzere wa pa ADMARC, gaga kusanduka chakudya cha mtengo wapatali, banja kudya kamodzi patsiku, mfumu Wimbe kumenyedwa italankhula za njala pamsonkhano wa pulezidenti, ndi imfa ya galu uja Khamba, zonsezi aliyense amene adali ndi nzeru mu 2002 aziwerenga m'mimba mukuwira. Koma pa funso lathu la lero, gawo lachiwiri ndi lachitatu ndiwo oyenera kuwaika pasikelo, pakuti lina likutisonyeza mwana akuphunzira popanda kompyuta, linalo likutisonyeza mwana yemweyo atakumana nayo.

Tiyambe ndi mmene adaphunzirira. Chinthu choyamba chomwe bukuli likuonetsa bwino n'chakuti William sadalowe m'laibulale chimanjamanja. Adalowamo ndi mafunso omwe ankamusowetsa tulo. Kale lomwe iye ndi msuweni wake Geoffrey ankamasula mawailesi a anthu, kuchotsa kachitsulo aka, kubwezera ako, mpaka adadziwa kuti mawu amafera pati. Ankatola mabatire otayidwa n'kuwafinya mphamvu yotsalira. Ataona nyali ya njinga ikuyaka ndi dayinamo, adafunsa eni njinga kuti chikuyatsa n'chiyani, ndipo palibe adamuyankha zomveka. Ndiye pomwe ankatsegula buku la Explaining Physics, sankawerenga kuti akakhoze mayeso. Ankasaka yankho la chinthu chomwe manja ake adachigwira kale. Buku lidapeza munda wolimalima, mbewu n'kumera.

Chachiwiri ndi ntchito yowerengayo, ndipo apa ndi pomwe ndimawavulira chipewa alembi awiriwa, poti sadabise kuti Chingerezi cha William chidali chopunduka. Mabuku aja adali a ana a kunja, olembedwa m'chilankhulo chomwe iye ankangochinyambita. Ndiye ankatani? Ankayamba ndi chithunzi. Akachiyang'anitsitsa, ankaona nambala yake, n'kukasaka nambala yomweyo m'kati mwa nkhani, n'kuyamba kulimbana ndi ziganizo zozungulira pamenepo liwu ndi liwu. Likamukanika ankapita kwa Mayi Edith Sikelo, mphunzitsi woyang'anira laibulaleyo, n'kukatsegula dikishonale. Buku lomwelo ankalibwereka kambirimbiri. Awerengi anzanga, uku ndiye kuphunzira: kochedwa, kotopetsa, kobwerezabwereza, kofuna munthu wina pambali. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo tisaiwale kuti kuwerenga kochepako adakutenga kuti. William ndi wa m'badwo womwe pulaimale yawo idagwa m'nyengo ya sukulu yaulere ya 1994, pomwe ana m'makalasi adachoka pa osakwana 2 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ena n'kumaphunzirira pansi pa mtengo. Sukulu yomwe timainyozayo ndiyo idamupatsa makiyi. Popanda a e i o u wa pa Wimbe, buku la Using Energy likadangokhala chithunzi chokongola basi.

Chachitatu ndi anthu ndi zinthu zomuzungulira. Dzina la bukuli likunena za mnyamata mmodzi, koma m'kati mwake muli khamu. Muli Gilbert, mwana wa mfumu, yemwe adatulutsa ndalama m'thumba kugula dayinamo. Muli Geoffrey wothandiza kudula ndi kukweza mitengo. Muli wowotcherera zitsulo wa pa Wimbe, muli bambo omwe atakana kwa nthawi adapereka njinga yawo, muli mayi omwe adapirira kuona mphika wawo ukuphikidwamo zosadyedwa. Mulinso dzala la esiteti yakale ya fodya, lomwe kwa William lidali labotale. Mutu umodzi susenza denga, ndipo nsanja ija sidadzuke ndi mutu umodzi. Apa ndi pomwe dzina la bukuli ndi chikuto chake zidasokeretsa dziko. Anthu a kunja amakonda nthano ya mwana wanzeru yekhayekha pakati pa mdima, poti nthano yotere imawauza kuti chosowa ndi chida chokha: mponyereni mwanayo makina, zina zonse adzionera yekha. Koma masamba a bukulo akutsutsa chikuto chake chomwe.

Tsopano tibwere ku intaneti. William adaiona koyamba mu June 2007 ku Arusha, m'dziko la Tanzania, pamsonkhano wa TEDGlobal, makina ake atazungulira kale zaka zingapo. Tom Rielly, mmodzi wa akuluakulu a msonkhanowo, adamukhazika pa kompyuta n'kumuonetsa Google. William adasaka za makina a mphepo, ndipo m'kuphethira kwa diso mudatuluka masamba osawerengeka. Adadandaula kuti chinthu chotere chidali kuti nthawi yonse yomwe iye ankavutika. Ndime imeneyi ndiyo imatchulidwa kwambiri ndi ogulitsa makompyuta, ndipo ndikuvomereza kuti imakhudza mtima. Zoonadi, akadakhala nayo akadapulumutsa miyezi yambiri, ndipo mwina nyumba sikadatsala pang'ono kupsa ndi mawaya osakutira aja.

Koma taimani kaye, tiyang'ane bwino chomwe chikuchitika m'ndimeyi. Google ndi kabokosi kopanda kanthu kodikira kuti ulembemo liwu. William adadziwa liwu loti alembe. Adalitenga kuti? Pa shelefu ya pa Wimbe. M'Chichewa liwu la makinawo padalibe, mwakuti pofotokozera anthu kumudzi ankangoti magetsi a mphepo. Mwana wosadziwa kuti makina otere aliko, wosadziwa dzina lake m'Chingerezi, wosatha kulilemba, mungamupatse Google tsiku lonse, adzasaka mpira ndi nyimbo, ndipo sindingamudzudzule. Komanso masamba osawerengeka aja adali ndi phindu kwa William chifukwa adali ndi sefa m'mutu yosiyanitsira ufa ndi madeya. Adali atapsa kale zala, atadziwa kale kusiyana kwa magetsi a m'batire ndi a dayinamo. Laibulale ya mashelefu atatu idamuchitira chinthu chomwe intaneti siichita: poti mabuku adali ochepa ndi osakanikirana, adapeza buku lomwe sankalifuna, akusaka china. Google imayankha funso lomwe uli nalo kale. Shelefu idamupatsa funso latsopano.

Ndiye intaneti idamuchitira chiyani William? Bukuli likuyankha mosabisa: idamuonetsa kudziko. Koma onani mndandanda wa manja omwe nkhaniyi idadutsamo isadafike pa kompyuta. Akuluakulu a bungwe la Malawi Teacher Training Activity, lomwe lidakhazikitsa laibulale ija, adabwera kudzayendera mabuku awo n'kumva za mnyamatayu. Dr. Hartford Mchazime adanyamuka ulendo kukadzionera yekha, n'kubwereranso ndi atolankhani. Nyuzipepala ya Daily Times idalemba nkhaniyi mu November 2006. Katswiri wa makompyuta Soyapi Mumba adatenga nyuzipepalayo kukaonetsa mnzake kuntchito ku Lilongwe, mnzakeyo n'kuiika pa intaneti, mpaka idafika m'maso mwa Emeka Okafor yemwe ankasankha anthu okalankhula ku Arusha. Mphunzitsi, galimoto, mtolankhani, pepala, kenako intaneti pamapeto. Idagwira ntchito ya mthenga wothamanga kwambiri, ndipo ntchito imeneyo si yochepa. Koma mthenga si mphunzitsi.

Umboni womaliza ndi zomwe anthu a TED adachita atamumva. Awa ndi anthu okhulupirira makompyuta kuposa wina aliyense padziko lapansi. Kodi adangomusiya ndi laputopu n'kumuuza kuti bwerera ku Masitala ukadziphunzitse wekha? Ayi ndithu. Adasonkha ndalama n'kumubwezera m'kalasi: ku African Bible College Christian Academy ku Lilongwe, kenako ku African Leadership Academy ku Johannesburg, mpaka ku Dartmouth College ku America komwe adatsiriza mu 2014. Mwana akakhala wako, kapena ukamutenga ngati wako, sumupatsa makina m'malo mwa sukulu. Umamupatsa mphunzitsi, makina n'kukhala ndiwo zapambali. Bwanji nanga ana a anthu ena tikufuna kuwapatsa ndiwo popanda nsima?

Pa kalembedwe, gawo lachitatuli ndilo lofooka m'buku lonse, ndipo kufookako kukundiuza kanthu. M'gawo la dzala la zitsulo chiganizo chilichonse chili ndi kulemera kwa chinthu chogwirika: msomali wotenthetsa pamoto kuti uboole pulasitiki, swichi yopangidwa ndi labala wa patapata, kachida kodula magetsi kopangidwa ndi misomali, waya ndi maginito. Umamva fungo la girisi. Koma ndege ikangonyamuka, nkhani imayamba kuthamanga ngati ikuthawa mvula, mayina a opereka thandizo n'kumatsatana ngati kalata yothokoza pamaliro. William wofunsa mafunso uja amasanduka William woonetsedwa zinthu, wodabwa ndi chikepe ndi nyumba zosanja. Sitikuonanso mmene adaphunzirira chinthu chimodzi chokha pa kompyuta monga tidaonera mmene adaphunzirira dayinamo. Zovuta za moyo watsopanowo, za kukhala mnyamata wamkulu pakati pa tiana m'kalasi ndi kusenza chiyembekezo cha mudzi wonse, zidadzaoneka bwino m'filimu ina ya zochitikadi, William and the Windmill ya Ben Nabors, yomwe idatuluka mu 2013.

Chinanso chomwe sindigwirizana nacho m'bukuli ndi mmene lidaikira ufiti ndi sayansi ngati atambala awiri m'khola limodzi, wina afe kuti wina alire. Nkhani ya mangolomera abodza omwe William adatemeredwa n'kukamenyedwa nawo imaseketsa, koma mzere wonsewo wochoka ku mdima wa makolo kupita ku kuwala kwa azungu ukumveka kuti udawongoledwa ndi dzanja lodziwa zomwe owerenga a ku New York amakonda. Pamene umisiri wa William ndi wa kwathu kuno: wa okhoma zidebe, okonza njinga pansi pa mtengo wa mango, ana opanga magalimoto a mawaya. Sayansi ya m'buku idakwatira luso la pamudzi. Sidalithamangitse.

Nanga filimu? Chiwetel Ejiofor adaitsogolera n'kuseweranso ngati a Trywell, Maxwell Simba wa ku Kenya n'kukhala William, Aïssa Maïga n'kukhala mayi ake, ndipo wathu Lily Banda n'kukhala Annie, mlongo wake. Idaonetsedwa koyamba ku Sundance mu January 2019 n'kufika pa Netflix mu March chaka chomwecho. Idajambulidwa konkuno, ndipo fumbi, thambo ndi nkhope za anthu ndi zathuzathu. Chichewa cha alendowa ambiri tidachiseka, ndipo m'malo ena n'chosekadi, koma ine ndikuti kulimba mtima koika chilankhulo chathu pakamwa pa osewera m'filimu yoonetsedwa dziko lonse n'koyenera ulemu. Chomwe chikundikhudza pano n'chakuti Ejiofor adadula gawo lonse la intaneti. Filimu ikuthera pomwe madzi akutuluka m'chitsime kulowa m'munda. Monga mmisiri wa nkhani adaona bwino kuti mtima wa nkhaniyi suli ku Arusha.

Komabe pokonza apa adaononga apo. M'filimu makina a mphepo akupopa madzi n'kupulumutsa mudzi ku njala nthawi yomweyo. M'moyo weniweni makina oyamba adayatsa mababu ndi wailesi, njala itadutsa kale, ndipo pampu ya madzi idabwera zaka zingapo pambuyo pake ndi ndalama za anthu akufuna kwabwino. Kusinthaku kukubweretsa bodza lomwe lija pakhomo lakumbuyo, loti chida chimodzi chikhoza kuthetsa vuto lomwe lidabwera ndi mvula yoipa, kugulitsidwa kwa chimanga cha m'nkhokwe za boma ndi atsogoleri okana kuti kuli njala. Komanso filimu idasamutsa laibulale kuiika pa sekondale, William n'kumalowamo poopseza mphunzitsi yemwe ali pachibwenzi ndi Annie. Zikukometsa sewero, koma zikubisa mfundo yaikulu ya bukuli, yoti padali chitseko chimodzi chomwe mwana wopanda fizi ankalowa mwaulere, masana, osabisala. Ndipo miyezi ija yolimbana ndi dikishonale filimu yaipanikiza kukhala mphindi zochepa za mwana akutsegula masamba nyimbo ikulira. Kamera siikonda kudikira, pamene maphunziro ndi kudikira komweko.

Pali nthabwala ina yowawa apa. Filimu yonena za mudzi wopanda magetsi idafikira pa Netflix, pomwe kuti uonere pafunika magetsi, intaneti yamphamvu ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse m'dziko muno ndiwo ankaunikira nyumba ndi magetsi, ndipo ambiri mwa iwo adali m'tauni. Makina amakono ali ndi khalidwe lotere: amayamba kuthira madzi pomwe panyowa kale.

Wina anena kuti nkhani ya munthu mmodzi si umboni. Chabwino, tiyeni tituluke m'bukumo pang'ono tione komwe maganizo a ponyerani mwana makina adayesedwa pa ana ambirimbiri. Mu 2005 Nicholas Negroponte wa ku MIT adalengeza ntchito ya One Laptop per Child, yofuna kupatsa mwana aliyense wa m'maiko osauka laputopu ya madola 100, pokhulupirira kuti ana adzadziphunzitsa okha. Dziko la Peru lidagula malaputopu mazanamazana a zikwi. Mu 2012 akatswiri a Inter-American Development Bank adatulutsa kafukufuku wa m'sukulu 319 za kumidzi, ndipo adapeza kuti patatha miyezi 15 ana adadziwadi kugwiritsa ntchito makinawo, koma pa masamu ndi chilankhulo sadapose anzawo omwe sadalandire. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma chilungamo chifuna kuti ndinenenso mbali inayo, ndipo mbali imeneyo ili konkuno. Mu 2013, pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe, Nicola Pitchford wa ku yunivesite ya Nottingham adayesa matabuleti a bungwe la onebillion pa ana a makalasi oyambirira, mphindi 30 patsiku kwa masabata 8, ndipo ana omwe adaphunzira masamu pa matabuletiwo adachita bwino kuposa anzawo. Bungwe lomweli lidagawana mphotho ya Global Learning XPRIZE mu 2019, ndipo mu 2023 boma lathu lidayamba pulogalamu ya BEFIT yofuna kufikitsa matabuleti otere kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zaboma. Kodi kusiyana kwa Biwi ndi Peru kuli pati? Pa Biwi makina ankalankhula Chichewa. Ankatsata silabasi yomwe mwana akuphunzira kale. Adali ndi nthawi yake yoikika, m'chipinda chake, wamkulu ali pomwepo. Adapatsidwa ntchito imodzi yodziwika, yomwe mphunzitsi wa ana oposa 100 sangaithe: kudikira mwana mmodzi mpaka amvetse, n'kumuuza pompo ngati walakwa. Kunena kwina, tabuleti idakhoza pomwe idatengera khalidwe la Mayi Sikelo, ndipo laputopu idalephera pomwe idayesa kuwachotsa ntchito.

Chaka cha 2020 chidatiphunzitsanso zomwezi ndi chikwapu. Sukulu zitatsekedwa pa 23 March chifukwa cha Covid-19, ana a m'masukulu a fizi zokwera adapitiriza maphunziro pa intaneti, makolo akugula mabandulo. Ana a kumudzi adatsala ndi maphunziro a pawailesi, kwa omwe adali ndi wailesi ndi mabatire, ndipo ambiri adangopita kumunda, atsikana ena n'kulowa m'banja osabwereranso. Aliyense wowerenga buku la Kamkwamba akumbukira Annie, yemwe m'kati mwa njala adathawa ndi mwamuna usiku. Nyumba imodzi, makolo amodzi, koma dziko lonse likudziwa za mchimwene. Intaneti idatola William mmodzi. Sidapangidwe kuti itole ana onse omwe adasiya sukulu chaka chimenecho, ndipo nkhani yokoma ya mmodziyo isatigonetse tulo.

Pali chinthu china chomwe bukuli lidandiganizitsa, chomwe okonda matabuleti sachitchula. Wailesi idaphunzitsa William chifukwa inkatseguka. Sikuludiraiva imodzi, m'kati monse muli poyera, ukhoza kuononga n'kukonzanso. Njinga chimodzimodzi, dayinamo chimodzimodzi. Tabuleti ndi yomata, yosalala, yosamasulika, ndipo mwana woyesa kuitsegula adzalandira chibalo. Imamuphunzitsa kudina pomwe wauzidwa. Tsopano kuchokera mu November 2022 kwabweranso ChatGPT ndi anzake, makina oti ukawafunsa amakutafunira yankho lonse n'kukumezetsa. Kwa munthu wonga William wa mu 2007, wodziwa kale kufunsa ndi kukayikira, ameneyu ndi wantchito wabwino kwambiri. Kwa mwana yemwe sadalimbanepo ndi chiganizo chovuta mpaka kuchigonjetsa, ndikuopa kuti akumulanda thukuta lomwe likadamulimbitsa. Mudzandikhululukira ngati ndikumveka wachikale, koma sindidaonepo munthu wokhuta poonerera mnzake akudya.

Musandimve molakwa, abale anga. Sindikunena kuti tibwerere ku sileti ndi nyali ya koloboyi. William mwiniwake sadaope zatsopano. Mafoni a m'manja atafika ku Wimbe, adakonza makina ake kuti azitchaja mafoniwo, anthu n'kumaima pamzere pakhomo pawo. Mwana wa ku Nsanje kapena ku Chitipa ali ndi ufulu wodziwa kompyuta monga mwana wa ku London, ndipo kumumana n'kumutsekera chitseko cha ntchito za mawa. Chomwe ndikukana ndi kusintha mndandanda wa zinthu. M'moyo wa William mudayamba mphunzitsi wa a e i o u, kenako manja ndi mafunso, kenako buku ndi munthu wolimasulira, kenako anzake ndi zida, ndipo intaneti idabwera kudzachulukitsa zomwe zidalipo kale. Ana a Sitandade 4 amadziwa kuti ukachulukitsa ziro ndi nambala iliyonse, ingakule bwanji, yankho ndi ziro.

Ndiye matabuleti akamafika pa sukulu ya kwanu, nduna itavala suti, ana akuimba, alandireni ndi manja awiri, koma mukomiti ya sukulu mufunse mafunso omwe bukuli latiphunzitsa. Kodi akulankhula chilankhulo chomwe mwanayu amalota nacho, kaya ndi Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao? Kodi mphunzitsi waphunzitsidwa, ndipo malipiro ake akufika? Batire ya sola ikafa, alendo atapita, adzagula ina ndani? Ndipo funso lalikulu kuposa onse: tabuletiyo ikamuphunzitsa mwana kuwerenga ali Sitandade 2, kodi akafika Sitandade 6 adzawerenga chiyani? Pa sukulupo pali shelefu ya mabuku? Pali buku la sayansi ngakhale limodzi lomwe angalimve popanda dikishonale? Ili ndi funso lathunso ife alembi ndi osindikiza, pakuti n'zamanyazi kuti mwana wa ku Kasungu adachita kuthyola mpanda wa Chingerezi kuti adziwe mmene mphepo ya kwawo ingayatsire nyali.

Bukuli liwerengeni, ngakhale lili ndi zilema zomwe ndatchulazi, ndipo mukaliwerenga muchedwe pa masamba a pakati, pomwe palibe chozizwitsa chilichonse koma mnyamata wanjala, buku lobwereka ndi mayi woleza mtima. Filimu ioneni chifukwa cha nkhope ya Ejiofor polima munda wouma, koma musaikhulupirire pa za pampu. Ndipo wina akadzakuuzaninso kuti William akadakhala ndi intaneti bwenzi atapanga ndege, mudzamufunse kuti ndi ana angati lero ali ndi foni m'manja koma alibe laibulale yoti alowemo, ndipo ndege zawo zili kuti.